Mchere pakhoma, mng'alu kudenga: nkhani ya chipinda chapansi cha m'ma 1200 ku England

Foni inabwera kumapeto kwa Okutobala, mvula ya ku England itayamba kale kunyowetsa chilichonse. Anaimba anali mayi wina wachikulire, mwini wa nyumba yakale m'mudzi wina wa m'chigawo cha East Midlands, dera lomwe nyumba zambiri zakale anazimanga ndi miyala ya laimu yotuwira mwachikasu. Dandaulo lawo linali lalifupi. M'chipinda chapansi akumapeza tizidutswa ta mwala m'mawa uliwonse, ngati wina amapeta gaga usiku. Makoma akutuluka ufa woyera. Kudenga kuli mng'alu womwe mdzukulu wawo akuti chaka chatha kunalibe.

Mayina a anthu ndi a nyumbayo sinditchula. Ndikulemba nkhaniyi kaamba ka anzanga omwe timagwira ntchito yosamala nyumba zakale, komanso chifukwa pakati pake pali cholakwa changa chomwe sindikufuna wina achibwereze.

Nyumbayo ndi chipinda chake

Nyumbayi ndi ya mtundu umene Angelezi amati manor house, nyumba ya mwini malo wa kalelo, yemwe anthu a m'mudzi wonse ankamulimira minda ndi kumupatsa msonkho. Mbali yaikulu yomwe ikuoneka lero anaimanganso m'zaka za m'ma 1600, koma chakumpoto kunatsala chipinda chimodzi cha nyumba yoyamba, cha m'ma 1200. Denga lake ndi lamiyala yokhayokha, lopindika ngati uta, lopanda mtengo kapena chitsulo. Pakati pali mzati umodzi wamwala, ndipo kuchokera pamutu pa mzatiwo miyala yosemedwa imayenda mokhota kukafika kumakoma, monga mmene nthiti zimachokera kumsana. Amisiri kuno amazitchuladi nthiti. Pamutu pa mzati panali masamba osema anayi, limodzi mbali iliyonse, ofooka ndi ukalamba koma ooneka bwinobwino.

Wofuna kuona zipinda za mtundu umenewu angapite ku Burton Agnes ku East Yorkshire, komwe kuli cha m'ma 1170, kapena ku Old Soar Manor ku Kent, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1200. China chotchuka chili ku Boothby Pagnell ku Lincolnshire, cha m'ma 1200 kumayambiriro. Banja linkagona pamwamba, pansi n'kumasungapo vinyo, nyama yothira mchere ndi katundu wamtengo wapatali. Denga lamiyala linali chitetezo ku moto ndi kwa akuba. Chomwe ambiri sadziwa, ndipo chinadzakhala chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi, n'chakuti zipinda zambiri zotere sanazikumbe mwakuya ayi. Anazimanga pamwamba pa nthaka kapena kuzimiza pang'ono chabe, ndipo zinali ndi timazenera tolowetsa mphepo. Nthaka ndi yomwe yakhala ikukwera m'zaka mazana onsewa.

Nyumbayi ili pa mndandanda wa boma wa nyumba zotetezedwa, pa gawo la Grade II*. Magawowa ku England alipo atatu. Nyumba zoposa 90 pa 100 zilizonse za pamndandandawu ndi za Grade II, za Grade II* zili pafupifupi 6 pa 100, ndipo za Grade I sizifika 3 pa 100. Malinga ndi lamulo la mu 1990 loteteza nyumba zotere, wofuna kusintha chilichonse chokhudza ukale wa nyumbayo ayenera kutenga kaye chilolezo kukhonsolo, chotchedwa Listed Building Consent. Kugwira ntchito popanda chilolezocho ndi mlandu, womwe chilango chake chingafike zaka ziwiri kundende kapena chindapusa chopanda malire, ndipo mlanduwo umagwera mwini nyumba pamodzi ndi wogwira ntchitoyo.

Mayiwa anali ndi cholinga chawo. Denga la nyumba yonse linkafuna ndalama zambiri, ndiye ankaganiza zokonza chipinda chapansicho kuti azichititsiramo maphwando a ukwati. Kontilakita wina anali atawalembera kale mtengo wa ntchito: kupaka makoma onse pulasitala wa simenti wosalowa madzi, kuthira konkire watsopano pansi, ndi kuchirikiza denga ndi zitsulo. Anawauzanso kuti ntchito ya m'kati siifuna chilolezo, poti chikalata cha boma chofotokoza nyumbayo chimakamba kwambiri za kumaso kwake, za mazenera ndi machumuni, pomwe chipinda chapansi anangochitchula mzere umodzi. Ili ndi bodza lomwe ndimakumana nalo chaka chilichonse. Mawu a m'chikalatacho ndi ongothandiza kuzindikira nyumba. Chitetezo chimakhudza nyumba yonse, kunja ndi m'kati, chotchulidwa ndi chosatchulidwa chomwe. Mwamwayi mayiwa anali asanasaine kalikonse.

Zomwe tinapeza

Nditangotsika masitepe, fungo linandiuza zambiri ndisanayatse tochi. Linali fungo la chinyontho chotsekeredwa, losiyana ndi kafungo kozizira ka chipinda chamiyala chomwe mphepo imadutsamo. Makoma onse kuyambira pansi mpaka cha pachifuwa anali opakidwa pulasitala wa simenti, pamwamba pake penti wonyezimira. Mayiwa ankakumbukira kuti apongozi awo aamuna ndi omwe anachititsa zimenezi nkhondo yachiwiri itatha, pofuna kuthana ndi chinyontho. Pogogoda ndi chala, malo ena ankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti pulasitala wasiyana ndi khoma. Pamwamba penipeni pa mzere womwe simenti inathera, mwala unali wonyowa ndi wofumbutuka moti ndinkaukanda ndi chikhadabo. Pansi panali konkire. Timazenera tiwiri ta kumpoto anatitseka ndi njerwa.

Kunja nkhani inali yomweyo. Kukhoma la kumpoto wina anaunjika dothi kalekale n'kudzala maluwa, moti timazenera tija tinakwiririka. Paipi yotsitsa madzi a padenga inkalowa pansi pomwepo. Titalowetsa kamera mu paipi yadothi yomwe inayenera kutaya madziwo kutali, tinapeza kuti mizu inaiphwanya pafupi ndi khoma. Mvula iliyonse, madzi a mbali yonse ya denga ankathera m'dothi lotsamira khoma la chipindacho.

Apa ndiyenera kufotokoza za laimu ndi simenti, ngakhale amisiri anzanga akuzidziwa kale. Omanga a m'ma 1200 ankalumikiza miyala ndi matope a laimu ndi mchenga. Matope amenewa ndi ofewa kuposa mwala, amamwa madzi n'kuwatulutsanso. Khoma lotere limanyowa, inde, koma limaumanso lokha mphepo ikamadutsa. Simenti yomwe tonse tinaizolowerayi inabwera mochedwa. Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa umwini wake mu 1824, ndipo inafala zenizeni m'zaka za m'ma 1900. Ndi yolimba, ndipo madzi sadutsamo msanga. Mukaipaka pakhoma lakale lonyowa, madzi sachoka. Amakwera kufunafuna potulukira, ndipo pomwe atulukire amasiya mchere wonse womwe anasenza. Mchere ukamauma m'timabowo ta mwala umafufuma n'kuswa mwalawo pang'onopang'ono. Gaga amene mayi aja ankasesa m'mawa anali ameneyu.

Tinatumiza ufa woyera uja ku labotale. Unapezeka kuti ndi wosakanikirana: mchere wamba wothira m'ndiwowu unalimo wambiri, komanso mitundu ina yochokera ku malasha ndi ku simenti yomwe. Izi sizinandidabwitse. Kudenga kunali ngowe zachitsulo zopachikapo nyama, ndipo pakona panali pakuda pomwe ankasungapo malasha. Mchere womwe anthu ankathira nyama ya nkhumba zaka mazana apitawo unali udakali m'khoma.

Chinanso chinali pamwamba pa kashelefu kamwala: tindowe tating'ono takuda, tonga ta mbewa, koma tofumbutuka ukatipsinya ndi zala. Ta mbewa sitifumbutuka. Ndinadziwa kuti muli mileme.

Mileme yonse ya ku Britain ndi yotetezedwa ndi lamulo, kuyambira ndi lamulo la zachilengedwe la mu 1981 ndi malamulo ena a mu 2017, ndipo chotetezedwa si mleme wokha komanso malo ake ogona, ngakhale pa nthawi yomwe mwini wake kulibe. Katswiri wa zamoyo zakutchire anabwera mu Januwale n'kupeza ingapo itagona tulo take ta nyengo yozizira m'mipata ya pakati pa miyala ya denga. Inkalowera pa kampata ka pamwamba pa chitseko. Anatiletsa ntchito iliyonse ya m'kati kuyambira Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo anati ntchito yokhudza mipatayo idzafuna chiphaso cha Natural England, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe. Mayi aja atamva anangoti, "Bambo, ndiye kuti m'nyumba mwanga muno alendo ndi ine?" Sindinawayankhe. Mumtima ndinakondwera, chifukwa mileme inandipatsa nthawi yomwe ndikanavutika kuipempha ndekha.

Mng'alu uja

Chomwe chinkaopsa banja lonse chinali mng'alu, ndipo ndi pomwe kontilakita uja anawagwirira mtima. Unayenda motsatira khoma la kumpoto, chapamwamba, kutalikirana pang'ono ndi pomwe denga limakumana ndi khoma. Pomwe unakula kwambiri ndinkatha kulowetsamo ndalama yachitsulo.

Ndinaitana injiniya wina yemwe wagwira kwa nthawi yaitali ntchito ya matchalitchi akale. Anakwera pamakwerero ndi tochi ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kukhala pamenepo nthawi ndithu osalankhula. Kenako anandiitana kuti ndisuzumire ndekha. M'kati mwa mng'alu munali njereza yakale, osati mtundu umodzi, koma yosanjikizana kangapo, yolowa mpaka m'kati. Munalinso mwaye ndi akangaude akalekale. M'mphepete mwa mng'aluwo munali mosalala, osati mwakuthwa ngati mwala wongosweka kumene. Wopaka njereza sangalowetse burashi mu mng'alu womwe kulibe. Mng'aluwo unali wakale kuposa aliyense wa m'banjamo. Mdzukulu uja anauona chaka chimenecho chifukwa penti yemwe anaukwirira anasupuka ndi chinyontho.

Injiniyayo anafotokozera mayi aja ndi manja. Denga la uta limaima chifukwa mwala uliwonse umatsamira unzake, ndipo kulemera konse kumakankhira makoma panja. Makoma akasuntha pang'ono, monga amachitira m'zaka zoyambirira nyumba ikamakhazikika, denga limang'aluka malo angapo n'kupeza kaimidwe katsopano, ndipo likhoza kukhala choncho zaka mazana. Mng'alu pawokha si matenda. Funso ndi lakuti, kodi ukukulabe? Zitsulo za kontilakita zikanafuna kuboola nthiti za denga, ndipo chitsulo chikachita dzimbiri m'malo onyowa chimafufuma n'kuswa mwala womwe chimayenera kuuteteza.

Tinagwirizana kuti tiyeze kwa chaka chathunthu. Tinamata tizipangizo toyezera kusuntha m'malo angapo pa mng'alu, ndipo ndinkabwera mwezi uliwonse kudzawerenga, m'miyezi ya mileme ndikulowa mwakachetechete motsatira malangizo a katswiri uja. Tinaikanso tizipangizo tolemba kutentha ndi chinyontho cha mumpweya usana ndi usiku. Paipi yosweka ija tinaikonza nthawi yomweyo, titamvana ndi mkulu woona za nyumba zakale kukhonsolo kuti imeneyo ndi ntchito yongokonza chowonongeka, yakunja, yosafuna chilolezo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kuuza munthu yemwe denga lake likudontha kwina kuti adikire chaka musanachite kanthu si chinthu chapafupi.

Chaka chitatha, mng'alu unaonetsa kuti umatseguka pang'ono kwambiri nyengo ina n'kubwerera pomwe unali nyengo inzake. Unkangopuma. Zitsulo tinazichotsa pa pulani.

Pomwe ndinalakwa

Mu Juni wa chaka choyezeracho, mileme itachoka, mayi aja anandifunsa ngati angaike makina oyamwa chinyontho m'chipindamo. Mwana wawo anali atagula kale, pamodzi ndi kachipangizo kotenthetsera. Anali atatopa ndi kudikira, ine ndinali nditawakaniza zinthu zambiri motsatizana, ndipo ndinkafuna kuwavomerako chinthu chimodzi. Ndinaganiza kuti poti gwero la madzi tatseka, kuthandizira khoma kuti liume msanga sikungapweteke. Ndinavomera pafoni, osapitako, osayang'ananso zotsatira za ku labotale zomwe zinali m'kabati mwanga.

Patapita masabata atatu ndinatsika masitepe aja n'kupeza makoma ali mbuu. Mchere unamera ngati ubweya pamwamba pa mzere wa simenti, ndi pa mzati wonse. Pansi pa mzati panali tsamba limodzi mwa masamba anayi osema aja, litasupuka lonse ngati khungwa, n'kusweka zidutswa zitatu.

Chomwe chinachitika n'chodziwika kwa aliyense amene anaphunzira ntchitoyi, ine ndemwe. Mchere wamba umakhala wosungunuka chinyontho cha mumpweya chikakhala choposa 75 pa 100, ndipo umauma n'kukhala timibulu chikatsika kuposa pamenepo. Tizipangizo tathu tinkaonetsa kuti miyezi yonse yam'mbuyomo chinyontho cha m'chipindacho chinali pamwamba pa malire amenewa pafupifupi nthawi zonse. Mchere wambiri unangokhala phee m'madzi a m'khoma, ndipo unkawononga malo ochepa okha. Makina aja anatsitsa chinyontho mwadzidzidzi, ndipo poti ankazimitsidwa usiku, chinkakwera n'kutsika tsiku lililonse kudutsa malire omwewo. Mchere unkauma masana, kusungunuka usiku, kuumanso mawa lake, ndipo ulendo uliwonse unkakankha khungu la mwala. Zomwe chinyontho chinalephera kuchita m'zaka 700, makina anazichita m'masabata atatu, ine nditavomereza.

Tinazimitsa makinawo tsiku lomwelo. Ndinajambula zithunzi, ndinatola zidutswa za tsamba n'kuzikulunga, ndipo madzulo omwewo ndinalembera mkulu wa kukhonsolo uja kumuuza zonse monga zinachitikira, kuphatikizapo kuti amene analoleza ndine. Anzanga ena anandiuza pambuyo pake kuti ndinadzitchera ndekha msampha. Ine ndimaona kuti chilolezo chomwe tinadzapempha chinayenda bwino chifukwa cha kalata imeneyo. Mkuluyo anabwera kudzaona, anafunsa mafunso olimba, ndipo kuyambira pamenepo ankakhulupirira zomwe ndinkamuuza. Katswiri wa mileme naye anandikumbutsa, mwaulemu koma mosabisa, kuti mileme imasankha malo otere chifukwa cha chinyontho ndi kuzizira kosasintha, ndiye kuti chipinda chouma ngati chogona sichikanaloledwa n'komwe.

Mchere womwe unatuluka tinausesa ndi burashi yofewa, wouma, osathira madzi, kuti usabwerere m'khoma. Ndi phindu lokhalo lomwe tinapeza pa ngoziyo.

Kuyambira tsiku limenelo sindilola chilichonse chosintha mpweya wa chipinda chakale ndisanayang'ane zinthu ziwiri pamodzi: mtundu wa mchere womwe uli m'khoma, ndi mmene chinyontho chakhala chikuyendera kwa miyezi ingapo. Ndipo sindivomera chinthu pafoni pofuna kusangalatsa munthu amene ndamukaniza kambiri.

Chilolezo

Pempho lathu kukhonsolo linali la zinthu zochepa poyerekeza ndi pulani ya kontilakita uja: kutsitsa dothi la kukhoma la kumpoto, kutsegula timazenera, kuchotsa pulasitala wa simenti, kupaka wa laimu, ndi kuchotsa konkire wa pansi. Tinaphatikizapo chikalata chofotokoza kufunika kwa chipindacho ndi mmene ntchito iliyonse ichikhudzire, zojambula zoyezedwa ndi makina a kuwala, lipoti la injiniya ndi la mileme. Pempho la mtundu umenewu sililipiritsidwa, ndipo khonsolo imayenera kuyankha m'masabata 8, koma poti nyumbayi ndi ya Grade II* anayenera kufunsanso maganizo a Historic England, bungwe la boma loyang'anira nyumba ndi malo akale. Tinachedwerapo pang'ono.

Chilolezo chinabwera ndi zoyenera kutsata. Pokumba paliponse pakhale katswiri wofukula zakale woyang'anira. Simenti ichotsedwe ndi manja, popanda makina ogwedeza. Mmisiri ayambe wapaka kachigawo kakang'ono ka pulasitala kuti mkulu wa kukhonsolo aone asanapitirize.

Za ndalama ndingonenako pang'ono, chifukwa ndi zomwe zimapha nyumba zambiri zotere. Lamulo limauza mwini nyumba zomwe sayenera kuchita, koma kawirikawiri silimupatsa kanthu. Msonkho wa VAT wa 20 pa 100 amalipira pa ntchito yokonza monga wina aliyense, ndipo mwayi womwe unalipo wosalipira msonkhowu pa ntchito zina zololedwa unathetsedwa mu 2012. Mayi aja ankalipira zonse m'thumba mwawo, uku denga lalikulu likudikira. Ndikamawakaniza zinthu ndinkayenera kukumbukira zimenezi.

Ntchito

Nthawi yogwirira ntchito inali yopanikiza. Mileme inatipatsa Epulo mpaka Okutobala, ndipo laimu sapakidwa kukazizira kufika pansi pa madigiri 5, chifukwa chisanu chimamuwononga asanalimbe. Tinayamba kunja. Pochotsa dothi la maluwa lija, wofukula zakale anapeza zidutswa za mbale ndi mapaipi osutira fodya za m'ma 1800 mpaka pansi penipeni pa muluwo, umboni wakuti dothilo linabwera posachedwa poyerekeza ndi nyumba. Pansi pake panatuluka timazenera tija tathunthu, topapatiza kunja n'kutambasuka m'kati, ndi mwala wake wa pansi wosemedwa motsetsereka kuti madzi azigwera kunja. Tinakumba ngalande yosaya motsatira khoma, kutalikirana nalo pang'ono kuti tisavundukule maziko, n'kuikamo paipi yoboolaboola ndi miyala ing'onoing'ono. Njerwa za m'timazenera tinazichotsa, n'kuikamo tizitsulo tosiya mpata woti mleme udutse.

Tsiku lomwe tinatsegula zenera lachiwiri, mmisiri wathu wa miyala, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anayatsa machesi pakati pa chipinda. Lawi linapendekera mbali imodzi. Anangondiyang'ana n'kuzimitsa.

Kuchotsa simenti kunatenga nthawi kuposa china chilichonse. Pomwe pankalira ngati ng'oma paja inkachoka mosavuta, kumbuyo kwake kukutuluka matope onyowa onunkha. Koma pakhoma la kum'mawa inagwira mwala kolimba, moti tchizulo chilichonse chinkachotsa simenti pamodzi ndi khungu la mwala. Titayesa kachigawo kakang'ono, mmisiri uja anaika zida pansi. "Mnzanga, apa tikuchita zomwe tabwera kudzaletsa," anatero. Ndinagwirizana naye. Tinaitana mkulu wa kukhonsolo, ndipo tinamvana kuti mbali imeneyo tiisiye, tingochotsa penti ndi kudula timizere m'malo olumikizira miyala kuti chinyontho chipeze potulukira. Simenti imeneyo ilipobe, ndipo ndi yonyansa. Idzasiyana yokha ndi khoma nthawi yake ikadzakwana, ndipo amene adzakhalepo adzaichotsa popanda kuvulaza mwala.

Pamakoma enawo tinapaka pulasitala wa laimu wofewa dala, wamchenga wambiri. Ntchito yake ndi kudwala m'malo mwa khoma. Chinyontho chimadutsa mwala n'kudzaumira mu pulasitalayo, mchere n'kutsalira momwemo, ndipo akafumbutuka mumamuchotsa n'kupaka wina. Mayi aja zinawavuta kumvetsa kuti akulipira chinthu chomwe tikudziwiratu kuti chigwa. Ine sizinandivute, chifukwa ndinakulira m'nyumba yomwe agogo ankaizira chaka ndi chaka. Dothi lozira lija ndi lomwe linkatha, nyumba n'kumakhalabe. Ndikapita kumudzi n'kuona nyumba zakale za njerwa za nthawi ya amishoni zitapakidwa simenti m'munsi, njerwa za pamwamba pa mzerewo zikufumbutuka, ndimaona matenda omwewa. Nyumba ngati Mandala House ya mu 1882 kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamalizidwa mu 1891, n'zazing'ono msinkhu poziyerekeza ndi chipinda ichi, koma madzi ndi mchere zimayenda mofanana kulikonse.

Konkire wa pansi sitinamuchotse yense ngakhale chilolezo chinalipo. Ndalama zinachepa. Tinadula kamzere kozungulira m'mphepete mwa makoma onse ndi kuzungulira mzati, n'kuthiramo miyala ing'onoing'ono, kuti chinyontho cha pansi chizitulukira pamenepo m'malo mokankhidwira m'khoma. Podula pafupi ndi mzati tinapeza kuti tsinde lake losemedwa linakwiririka m'konkire, ndipo pansi pake panaoneka miyala yafulati ya pansi pakale. Wofukula zakale anajambula n'kuyeza, ndipo tinasiya poonekera. Ngowe zachitsulo za kudenga tinazisiya, kupatula ziwiri zomwe dzimbiri lake linali litayamba kung'amba mwala. Mng'alu waukulu uja tinautseka ndi matope a laimu m'malo ena okha, mipata yomwe katswiri wa mileme anailemba choko n'kuisiya yotseguka monga chiphaso chinanenera. Pomaliza tinapaka njereza.

Mmene zilili tsopano

Padutsa nyengo zozizira ziwiri chimalizireni ntchito. Chipindacho si chouma, ndipo sichidzauma. Fungo lija linatha, mwala wa pamwamba pa pomwe panali mzere wa simenti walimba moti chikhadabo sichilowanso, ndipo chinyontho cha mumpweya chimasintha pang'onopang'ono motsatira nyengo, osati modumphadumpha. Pulasitala wa kukhoma la kumpoto wayamba kufumbutuka m'munsi monga tinayembekezera, ndipo mwina chaka chamawa tidzapaka wina. Khoma la kum'mawa, la simenti yotsala ija, ndi lomwe lidakali lonyowa kuposa onse. Mng'alu sunasunthe. Mileme inabwerera nyengo yoyamba yomwe.

Za maukwati zinalephereka. Chipinda chomwe sungachitenthetse, chotsekedwa miyezi isanu pachaka, chokhala ndi khomo limodzi, sichingalandire phwando. Mayi aja sanabise kukhumudwa kwawo, ndipo sindikuganiza kuti anandikhululukira kwathunthu, ngakhale amandipatsa tiyi ndikapita. Ndalama za denga anazipeza pogulitsa kamunda kena. Chipindacho amachitsegulira anthu masiku ochepa mu Seputembala, pa nthawi ya Heritage Open Days, pomwe nyumba zambiri zakale ku England zimatsegulidwira anthu, timagulu tating'onoting'ono, ndipo mdzukulu uja ndi amene amawalondolera.

Tsamba losweka lija tinakambirana kwa nthawi yaitali. Katswiri wokonza zosemasema anati akhoza kulilumikiza n'kulibwezera, koma osati mzati udakatulutsa mchere, chifukwa lidzasupukanso pamodzi ndi mwala wina. Mmisiri wathu anadzipereka kusema latsopano, ndipo akanalisema bwino, koma tonse tinaona kuti likananamiza oona. Choncho mzati uli ndi masamba atatu ndi chipsera choyera mbali ya kumwera. Zidutswa zitatu zija zili m'kabokosi m'chipinda chowerengera cha mayi aja, pamodzi ndi zithunzi ndi kalata yanga ija ya kukhonsolo. Tinapangana kuti tidzayezenso mchere wa mu mzati chilimwe chikubwerachi, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zidzatiuze ngati nthawi yolibwezera yakwana.